Mmene Ndinachapira Timachubu ta Mwansa

Anzanga, ine ndinakula nthawi ija sopo tinkachita kumuimira pamzere, ndiye musamandionetse chinthu chabwinobwino chikutayidwa, mutu umandiwawa. Kwathu pulasitiki ya buledi inkachapidwa, kuyanikidwa pachingwe, mawa lake n'kunyamuliramo mabuku a kusukulu. Botolo la mafuta ophikira likatha linkasanduka la palafini, likabooka tinkalidula n'kukhala fanulo. Tsono munthu wotereyu mukamulembe ntchito mu labu, mmene anthu amagwiritsa ntchito chinthu kamodzi kokha n'kuchiponya m'bini, mukuyembekeza kuti zithera pati?

Ndimagwira ntchito pa labu ina kufupi ndi Longacres mu Lusaka, dzina lake ndisunge. Sindine dokotala ayi. Ndine Ba Sakala, wotsuka mabotolo, wopukuta matebulo, wosunga makiyi a chipinda cha katundu, ndipo zinthu zimene ndinkanyadira pamoyo wanga zinali ziwiri: ndevu zanga za pamlomo, zimene ndinkazipesa m'mawa uliwonse, ndi ukhondo. Ba Dokota, mayi wa ku Kabulonga amene amayang'anira labu yonse ndipo saseka chisawawa, ankauza alendo kuti pamene pakolopa Ba Sakala munthu akhoza kudyerapo. Mawu amenewo ndi amene ananditupitsa mutu.

Ndiye kunabwera Mwansa, mtsikana wa ku Luapula amene ankakhala kwa azakhali ake ku Chelstone, akuchita maphunziro apamwamba a sayansi. Kwawo chinangwa chinali kudwala, masamba kupiringizika, mizu kuwola, ndiye mwanayu anati apange mankhwala ozindikira matendawo msanga munda usanathe. Mankhwalawo ankawatcha polima. Kuwaona ndi maso ndi madzi chabe, achikasu pang'ono ngati tiyi wa pamaliro. Koma ukawadontheza m'kachubu, n'kuzimitsa magetsi, n'kuunikira ndi tochi yapadera, yonga ija amaunikira ndalama kubanki poona ngati ndi yeniyeni, pamenepo m'pamene amaonetsa matsenga ake.

Tsiku lina anandifotokozera ine ndikupukuta tebulo lake.

"Ba Sakala, iyi polima ili monga galu wa polisi. Mukaiika mu manzi yoyela, igona chabe, siiwala. Koma ikanunkhiza DNA olo puloteni, iigwila, elo iyaka. Manje ikalibe kuphunzila kusankha, igwila iliyonse, koma nizaiphunzisa kuti izigwila chabe ka doyo kamene kadwalisa chinangwa."

"Nanga DNA ni chani, mwana wanga?"

"Ni ka buku kamene chamoyo chilichonse chinyamula mukati, kolembewa kuti ichi ni chinangwa, uyu ni muntu. Ili mu masamba, mu magazi, mu malovu, paliponse."

Mawu akuti malovu ndinawamva ndithu, sindingakane, koma ndinangogwedeza mutu ngati gulo n'kupitiriza kupukuta.

Vuto linali timachubu. Tinthu tating'ono ta pulasitiki, kachala ka kanise kakulirapo, tokhala ndi kachivindikiro kake kolumikizika, tokongola kwabasi. Mwansa amadonthezamo kamodzi, kuunikira, kulemba m'buku, basi, m'bini! Tsiku lililonse bini yodzaza ndi tinthu topanda ngakhale mng'alu. Ndiye tinamva kuti katundu watsopano amene anaitanitsa wakakamira kumalire, ndipo bokosi limene ndinkathiramo timachubu linayamba kuonetsa pansi. Kunali kutatsala masabata atatu kuti akuluakulu oyesa ntchito yake abwere. Polima ikawakhutiritsa, Mwansa apitiriza maphunziro. Ikalephera, abwerera ku Luapula chimanjamanja, zaka ziwiri zitapita m'madzi.

Ine mtima wachifundo unandigwira, limodzi ndi mtima uja wa pulasitiki ya buledi. Ndinati, kodi timachubu timeneti tadwala chiyani? Mulibe magazi a munthu, ndi madzi a masamba a chinangwa basi, chakudya chimene timadya ndi chiponde. Ndikangotichapa bwino, ndani angadziwe? Kumufunsa Mwansa sindinafune, ndinati chikhale chithandizo cha mwakachetechete, dzanja lamanzere lisadziwe. Safunsa anadya phula, inde, ndikudziwa, musandikumbutse.

Lolemba poweruka ndinatola timachubu tonse m'bini, kuthira m'pulasitiki, kubisa m'jekete, n'kukwera minibasi ya ku Kabwata ndikulira tchekete tchekete ngati wovina. Kufika kunyumba ndinakhuthulira m'beseni pamaso pa mkazi wanga.

"Atate a Dalitso, ivi ni vichani? Mwayamba kugulisa fodya wa mu mphuno?"

"Ni sayansi, amake Dalitso. Tithandiza mwana wa bene."

Mkazi wangayo muyenera kumudziwa. Kutchalitchi kwathu bulauzi yake ya chigwirizano cha amayi ndi imene imayera kuposa zonse, anthu amachita kutsinzina akamadutsa padzuwa. Atangomva kuti ndi nkhani yochapa anandikankhira pambali, akuti amuna sadziwa. Anatenga sopo wake wa ufa uja woyeretsa zoyera, kuthira osaumira, kuviika, kutikita, kutsukuluza kawiri, kenaka tinayanika palichero pakhonde, pafupi ndi pamene aneba athu anali atayanika kapenta wawo. M'mawa timachubu tinali mbee, kuposa tatsopano. Koma pansi penipeni pa kachubu kalikonse panali kadontho kokana kuuma. Nanga munthu bolopeni ikatseka amatani? Ndinatenga kamodzikamodzi, kuika pamlomo, fuu! Kutseka. China, fuu! Kutseka. Pofika kuntchito ndinathira tonse m'bokosi muja anthu asanabwere, n'kukakhala pampando wanga ndikudzimva ngati mngelo amene watumidwa koma sanena.

Cha m'ma teni koloko ndinamva mfuu kuchokera m'chipinda chamdima.

"Ba Sakala! Bwelani muone!"

Ndinalowa ndikumwetulira, ndikuganiza kuti waona kuyera kwa timachubu. Patebulo panali timachubu khumi pamzere, tonse tikuwala buluu ngati magetsi a pa disiko.

"Iyee, vawama!" ndinatero ine chitsiru, n'kuwomba m'manja.

"Awe ba Sakala, si vabwino. Aka ka pa mapeto muli manzi chabe. Kafunika kunkala mu mdima. Ngati na manzi yawala, ninshi vonse ni vaboza."

Apa m'pamene ndinamvetsa kuti kachubu ka madzi ndiko mboni. Galu akamauwa aliyense, ngakhale mwini nyumba, ndani angakhulupirire kuti waona wakuba?

Mukuganiza kuti ndinadzikayikira? Ine? Munthu amene pamene wakolopa mukhoza kudyerapo? Ndinangoti m'mtima, ohoo, ndiye kuti sitinachape mokwanira. Madzulo ake ndinatolanso tina. Ulendo uno sopo tinathira wowirikiza, ndinatenga mswachi wanga wakale n'kukwecha m'kati mwa kachubu kalikonse, kenaka tinatiphika m'kapoto kamene timaphikira mazira, pofuna kupha tizilombo. Tina tinapindika ngati nyemba zouma, tinatitaya mtima ukuwawa. Totsalato ndinatiuzira ndi mphamvu zonse, mpaka masaya kuwawa, aneba kusuzumira pawindo poganiza kuti ndayamba kuphunzira chitoliro.

Mawa lake timachubu tinawala kuposa dzulo.

Mwansa anasintha madzi. Tinawala. Anapanganso polima yatsopano, ntchito ya masiku atatu ataimirira. Tinawala. Ndiye ine, m'malo mokhala chete, ndinasanduka mlangizi. Ndinati mwina ndi fuliji, nanga si magetsi akungozimazima masiku ano, ndipo ndinaitsuka fuliji yonse ndi manja angawa. Tinawala. Ndinati mwina ndi mpweya wa kumsewu, tinamata mawindo ndi manyuzipepala. Tinawala. Pomaliza ndinamukokera pambali n'kumunong'oneza kuti mwana wanga, dziko lino lili ndi anthu a nsanje, si onse amene amakondwa mtsikana akamaphunzira. Ndinafika popereka dzina lake kwa amayi a chigwirizano, ndipo Lachinayi anapempherera timachubu ta Mwansa mofuula, akudzudzula mzimu uliwonse umene ukusokoneza ntchito ya mwanayo, wotsogolera pemphero ali amake Dalitso, manja akununkhirabe sopo yemweyo!

Kutatsala masiku awiri ndinamupeza Mwansa atakhala pamasitepe a kuseri, nsapato atavula, foni ili m'manja. Anali atawonda, anzanga, kolala ya malaya ikuchita kulendewera.

"Nakamba na ba mayo," anatero osandiyang'ana. "Nabauza kuti kapena nizabwela. Kapena nilibe chabe mutu wa sayansi, ba Sakala. Benangu vimabayendela, ine nikagwila chintu chionongeka."

Apa ndiye mtima unandipweteka zenizeni. Amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma izi zinali zodya wamkulu zikupota mwana. Kaganizo kena kanandinong'oneza kuti, Sakala, kodi vutoli silinayambe tsiku limene unayamba kuchapa? Ndinakathamangitsa msangamsanga. Kuchapa kungadetse chinthu bwanji? Munamvapo kuti munthu wada chifukwa chosamba? Ndinamusisita paphewa n'kumuuza kuti asade nkhawa, Lachisanu zinthu zidzakhala zoyera kuposa kale lonse. Ndipo ndinatsimikiza mtima kuti ndichapa kuchapa kumene Kabwata sanakuonepo.

Tsoka silinunkha. Lachinayi kunachita mitambo, timachubu sitinaume, ndipo madzi pampopi anasiya tili pakati potsukuluza, moti tina tinali tikadali ndi thovu komanso kachikasu ka polima pansi. Lachisanu m'mawa ndinavala suti yanga ya maukwati, ndevu kuzipesa bwinobwino, kenaka ndinadzitsekera m'chipinda cha katundu n'kuyamba ntchito: fuu, fuu, fuu, timadontho tikundithovukira kumaso, ine n'kumangopukuta ndi kuseri kwa dzanja.

Oyesa anabwera atatu, bambo wachikulire wa imvi, bambo wina wamagalasi wosamwetulira, ndi mayi wonyamula faelo. Tinalowa tonse m'chipinda chamdima, ine Ba Dokota atandiuza kuti ndiime pakhomo ndizizimitsa ndi kuyatsa magetsi. Mwansa anafotokoza bwino kwambiri. Anatenga timachubu m'bokosi, kudontheza polima, m'kena madzi, m'kena madzi a masamba odwala. Ba Dokota anati, "Ba Sakala, zimyani." Ndinazimitsa. Tochi inayaka.

Timachubu tonse tinawala. Ka madzi ndiko kanachita kunyanya.

Wamagalasi uja anatsokomola, ndipo ndinamva mayi uja akutseka faelo yake. Mwansa anayamba kunena kuti pepani.

"Yembekezani," anatero Ba Dokota. "Nipase tochi."

Anapisa dzanja m'bokosi, kutenga kachubu kopanda kanthu, kopanda polima, kopanda madzi, n'kukaunikira. Kanawala! Kachubu kopanda kanthu, anzanga! Anaunikira bokosi, pachivindikiro panaoneka zidindo za zala, zazikulu, zonga za munthu wogwira mopu. Anaunikira pansi, timadontho. Tochi inayamba kuyenda ngati galu wotsata fungo: mphepete mwa tebulo, chogwirira cha chitseko, makiyi olendewera palamba wa munthu wina, thumba la jekete, mabatani, kukwera, kukwera, ine ndikupemphera kuti magetsi a tochiyo athe, nanga si m'dziko muno chilichonse chimazima? Koma tsiku limenelo sinazime. Inafika pankhope panga n'kuima.

"Mayo ine!" anakuwa mayi wa faelo.

"Ba Sakala," anatero Mwansa ndi mawu aang'ono, "ndevu zanu."

Ndinacheuka n'kudziona pagalasi la kabati. Nkhope kunalibe. Suti kunalibe. Mumdima monse muja munkangoyandama ndevu ziwiri zopesedwa bwino ndi milomo, zikuwala buluu ngati chikwangwani cha pamalo omwera mowa, ndi timadontho pamphuno ndi pamasaya. Ndinayesa kutseka pakamwa ndi dzanja, dzanja nalo linayaka.

"Yashani malaiti," anatero Ba Dokota. Ndinayatsa, koma kunena zoona mumdima munali bwinoko.

"Ba Sakala, aya machubu yachoka kuti?"

"Mu bokosi, ba Dokota."

"Yakalibe kungena mu bokosi?"

"Ku Kabwata, ba Dokota."

"Yanayenda kuchita chani ku Kabwata?"

"Kusamba, ba Dokota."

Bambo wa imvi anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Ndinaulula zonse, bini, beseni, sopo wa ufa, mswachi, kapoto ka mazira, lichero, ngakhale kapenta wa aneba. Ba Dokota anangotseka maso.

"Nanga kuumika, munaumika bwanji?"

Ndinangotenga kachubu n'kuonetsa. Fuu!

Apo ndiye wa imvi uja anagwa pampando, wamagalasi amene sankamwetulira anavula magalasi n'kumapukuta misozi. Ba Dokota anafotokoza, akulankhula pang'onopang'ono ngati akuuza mwana wa giredi yoyamba, kuti m'sopo wa ufa amaikamo mankhwala owala, ndiye chifukwa chake bulauzi ya amake Dalitso imathobwa m'maso. Ndipo pamwamba pa sopoyo ine ndinkawonjezera malovu, mmene muli DNA ndi mapuloteni zokwanira kudzutsa polima ya m'Lusaka monse. Masabata atatu galu wa Mwansa ankauwa wakuba weniweni, wakubayo ali pompo akumupatsa malangizo.

Mmodzi yekha sanaseke. Mwansa ankangondiyang'ana, misozi ikutsika.

"Masabata yatatu, ba Sakala. Ninauza na ba mayo kuti nakangiwa."

Kuseka konse kuja sikunandipweteke ngati mawu amenewa. Ndinagwada, suti ya maukwati ili pathupi, pansi pomwe ndinakolopa ndekha. Ndinati mwana wanga ndikhululukire, ndimati ndikuthandiza, ndine nkhalamba yopusa, ngati pali wochotsedwa pano ndi ine, osati iwe.

Mayi wa faelo anati iwo akhoza kudikira kuti ayesenso, ngati pangapezeke timachubu tatsopano. Ba Dokota anapukusa mutu, akuti katundu akadali kumalire. Ndiye ine ndili chigwadire ndinakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Ba Dokota, kuli mapaketi yabili yosasegula."

"Kuti?"

"Kumbuyo kwa kabati, mu stolu. Ninasungila siku ya mavuto."

"Ba Sakala," anatero Ba Dokota, "nanga aya masabata yatatu yenze ya chani? Ya Khisimasi?"

Sanandilole ngakhale kukhudza mapaketiwo, anakatenga okha atavala magulovu. Ine anandiimika pakona, kutali ndi tebulo, manja kumbuyo, pakamwa potseka. Mwansa anapukuta misozi, kusamba m'manja, kuyambiranso. Magetsi anazimitsa wamagalasi uja. Tochi itayaka, kachubu ka madzi kanali bii, kogona tulo, ndipo ka masamba odwala kanayaka bwinobwino kokhakokha. Sindinaonepo mdima wokongola ngati wa m'kachubu kaja. Anabwereza katatu, katatu konse chimodzimodzi.

Ndiye wa imvi uja, satana wa munthu, anati, "Tiyeseko na ba mudala." Anandipatsa kachubu katsopano, Mwansa anadonthezamo polima, kali bii. Anayamba andisambitsa kumaso ndi madzi a mu labu, kenaka anati ndilavuliremo pang'ono. Ine bambo wa ana anayi, dikoni wa mpingo, kulavulira m'kachubu pamaso pa anthu ophunzira! Kanayaka pomwepo. Anthu anawomba m'manja, mayi uja akulemba m'faelo mofulumira, ndipo wamagalasi anati polima yotha kugwira munthu mmodzi masabata atatu osaphonya tsiku ndi yofunika kuipitiriza.

Mwansa anapambana. Anakhala sabata yathunthu osandipatsa moni, ndipo anali ndi chifukwa. Lolemba linalo ndinapeza pampando wanga kathumba ka chinangwa chouma cha kwawo, iye ataima pakhomo akudziletsa kuseka.

"Ba mayo bakuti nipase ba sampo banga. Pa vonse vamene napima, ba Sakala, imwe ndimwe munawala maningi."

Ntchito sanandichotse. Ba Dokota anangonena mawu anayi, akuti, "Bini ni bini, mwamvela?" Ndevu ndinameta tsiku lomwelo, amake Dalitso mpaka lero amakana kuti iwo analipo, akuti anangobwereketsa beseni, chonsecho timachubu totsala amasungiramo singano ndi mbewu za mpiru. Ine tsopano ndikamataya kachubu ndimatseka maso, n'kukaponya, mtima ukulira, koma ndimataya. Ndinalumbira kuti manja anga azikolopa, koma mlomo wanga sudzathandizanso sayansi mpaka imfa.

Chimene chakana kutha ndi chimodzi. Magetsi akangozima pa labu paja, anthu sathamangiranso kukaliza jenereta. Umangomva wina akukuwa kuchokera kukhonde: "Itanani ba Sakala bamwetulileko!"